Dzanja Lamanzere la Falesi

"Mukanyikanso luzi lanulo mumtsuko wanga, ndikatayira kudzala ndi mtsuko womwe," anatero Magadalena.

Mwamuna wake Ignasio sanatembenuke. Ananjuta pakhonde akufinya luzi la mombo kuti lifewe, pepala la ku mishoni atalipana m'khwapa kuopa kuti linganyowe. Unali m'mawa wa mwezi wachisanu, nkhungu itakuta mtsinje wa Linthipe moti mitengo ya kutsidya sinkaoneka.

"Amake Falesi, tsitsani mawu. Mukufuna mudzi wonse umve kuti m'nyumba ya mphunzitsi mulibe mwambo?"

"Mudzi unamva kale. Dzulo kumtsinje anzanga amandifunsa kuti kambuzi kanu ka miyendo iwiri kaja mukamasula liti. Ndiziyankha chiyani ine?"

"Muziyankha kuti mwana akuphunzira."

"Aphunzira chiyani ali m'chingwe? Mwana wadzanadzanali, wobadwa chaka cha nyenyezi yamchira! Falesi, tabwera kuno. Gwira khutu, atate ako aone."

Falesi anatuluka m'nyumba atafunda kansalu ka mayi ake, atabereka chitsononkho kumsana. Anapyoletsa dzanja pamwamba pa mutu kuti agwire khutu la mbali inayo. Anapendeketsa khosi, natulutsa lilime, koma tizala take tinathera pamutu pomwepo. Anaseka, poyesa kuti ndi masewera.

"Mwaona?" anatero Magadalena. "Inu nomwe munaima pabwalo paja n'kuuza anthu kuti mwana wosafika pakhutu abwerere kwa amake, sukulu sinamuyenere. Wanu yekha ndiye wakula msanga?"

Apa mayiyu ananena zoona, ndipo Ignasio ankadziwa. Koma ankadziwanso chinthu china. Bambo mfumu wa ku mishoni anali atanena kuti sukulu ya pamudzi yosakwana ana khumi idzatsekedwa, mphunzitsi n'kubwerera kukhasu. Makolo a m'mudzimo, ambiri a iwo anthu a gule, anapereka ana asanu ndi anayi, nawonso mochita kukokedwa. Ignasio anasaka wakhumi mudzi wonse, mpaka anamupeza m'nyumba mwake momwe, wa zaka zinayi.

Anatambasula pepala lija. Linali ndi zinthu zisanu ndi chimodzi zimene tiana ta kalasi yoyambira tinayenera kudziwa bambo mfumu asanabwere kudzayendera, ndipo kunali kutatsala masabata atatu. Magadalena sankadziwa kuwerenga, koma pepalalo analiloweza kuposa mwini wake, poti ankalimva m'mawa ndi madzulo.

"Choyamba," anawerenga Ignasio, "mwana abwere atasamba kumaso. Chachiwiri, akhale chete kufikira khasu la belu litalira. Chachitatu..."

Magadalena anamudula mawu. "Chachitatu atchule dzina lake, chachinayi awerenge timiyala khumi, chachisanu alembe a, e, i, o, u pamchenga. Ndikudziwa. Zonsezo Falesi akuchita, kuposa zimiyendo zitalizitali zomwe mwasonkhanitsazo."

"Nanga chomaliza?" Ignasio anaika chala papepala. "'Achite chizindikiro cha mtanda ndi dzanja lamanja. Mphunzitsi aime patsogolo pa ana, awaonetse.' Ndaima. Ndaonetsa. Ana a anthu osapemphera akuchita bwinobwino. Mwana wa mphunzitsi, wobatizidwa ali wakhanda, akukweza lamanzere. Dzanja la kuthengo, amake Falesi! Limenelo ndilo alozere Mulungu?"

"Ndi mwana."

"Akadakhala wamanzere ndikadati n'chibadwa. Koma amadya ndi liti? Lamanja. Amatola nkhuni ndi liti? Lamanja. Pamtanda pokha ndiye manzere. Alipo amene akumuphunzitsa kunyoza, ndipo sindikufuna kutchula dzina la munthu m'mawa uno."

Sanatchuledi. Anangoyang'ana kunyumba ya mlamu wake Ganizani, mlongo wa Magadalena, munthu amene ng'oma ikalira kumanda sapezeka pakhomo. Kenaka anaitana mwana uja. Anamanga luzi pamkono wamanzere, nalizunguliza m'chiuno, namanga mfundo kumsana komwe mwana sangafikire. Anatenga pepala ndi kandodo kake, awiriwo n'kuuyamba wa kusukulu.

Sukuluyo inali chisakasa cha udzu kumapeto kwa mudzi, mipando yake mitengo yogoneka. Khasu lakutha linkalendewera pamsuku, ndipo ndilo linali belu. Ana ankabwera akunjenjemera, manja m'khwapa, kumaso atangopaka madzi pakati pokha, m'makutu muli phulusa la dzulo. Ignasio ankawayendera mmodzimmodzi, n'kuwabweza kumtsinje amene sanasambe bwino.

Ikafika nthawi ya mtanda ankaima mowayang'ana, n'kukhosomola.

"Ndiyang'aneni ine. Chitani monga ndikuchitira ine."

Kunena zoona, ana asanu ndi anayi aja sankamuyang'ana n'komwe. Ankayang'ana mbuzi, mitambo ndi matekenya a kuzala zawo. Akamva kuti "m'dzina la Atate" ankangoponya dzanja lodyera pachipumi kuti zithe msanga, apite kukasaka mbewa m'mapesi. Falesi yekha ndiye ankayang'ana atate ake ndi maso onse awiri, pakamwa pali yasa, kuopa kuphonya kanthu.

Ignasio anakweza dzanja lake lamanja. Dzanja lomangidwa la Falesi linadzuka, luzi n'kuligwira. Mwana anakokanso, phewa n'kukwera mpaka kukhutu. Dzanja lomasuka lija linangolendewera pambali ngati la munthu wina.

"Lamanja, Falesi!"

Mwanayo anayang'ana dzanja ili, nayang'ana linalo.

"Onsewa ndi manja, atate."

Ana anafa nacho chikhakhali. Ignasio anamenya ndodo pamtengo wokhalira, fumbi kobo, onse n'kuti zii. Anabwereza kasanu, ndipo kasanu konse luzi linakokedwa.

Zinali choncho tsiku ndi tsiku. Akaweruka, Magadalena ankamasula luzi n'kupeza mzere wofiira pamkono, n'kuupaka mafuta a nsatsi. Falesi, amene kale ankayankhula kuyambira tambala mpaka nkhuku kulowa, anayamba kusunga mawu. Anayambanso kunyowetsa mphasa, chinthu chimene anali atasiya chaka chatha. Ignasio anati n'chifukwa cha chisanu.

Ignasio sanali munthu wankhanza, ndipo aliyense m'mudzimo akadavomereza. Mkazi wake sanamumenyepo. Akapha nkhuku, chiwindi ankapatsa Falesi. Kungoti ku mishoni anakhalako miyezi isanu ndi umodzi, n'kubwerako akukhulupirira kuti cholembedwa sichilakwa. Anthu otere ndi amene amavuta kuwaletsa, chifukwa amakupweteka mtima uli m'malo, n'kukagona tulo tabwino. Iye ankaona kuti akupulumutsa mwana wake.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, Ganizani anafika pakhomo. Anapeza Ignasio akuothera dzuwa, Magadalena akusenda nyemba pamphasa chapatali.

"Odi, alamu."

"Fikani, alamu."

Analonjerana za thupi, za chisanu, za mbuzi yomwe inagwidwa ndi fisi kutsidya. Ganizani anatsina fodya wake, nayetsemula, napukuta mphuno mosafulumira.

"Ndamva kuti ndikuphunzitsa mwana kunyoza Mulungu wanu."

"Ine sindinatchule munthu."

"Maso anu ndiwo anatchula. Alamu, ine ndi Mulungu wanu sitinayambanepo. Mutamutenga mlongo wangayu kukamuthira madzi anu aja, ndinaletsa? Pa ana asanu ndi anayi muli nawowo, atatu ndi a mbumba yanga, ndinawathamangitsa ndekha kuti apite. Anzanga akundinena kuti ndagulitsa mudzi chifukwa cha mkamwini. Ndiye lero ndimve kuti ndikunong'oneza kamwana ka zaka zinayi?"

"Ndinaona ndi maso anga, alamu. Pamaliro a chaka chatha chilombo chinatuluka pabwalo chikutsanzira mapemphero athu. Chinachita mtanda ndi dzanja lamanzere, anthu n'kumaseka. Falesi anali pamenepo, kumsana kwa amake."

"Zilombo zimachokera kumanda. Njira mukuidziwa, mukazifunse nokha." Ganizani anatseka kachibete ka fodya. "Ine ndabwerera dzanja. Inu munafika kuno kuchokera ku Mayani ndi khasu ndi buku. Tinakupatsani malo, tinakupatsani munda. Koma mwanayu ndi wa kuno. Dzanja mukumangalo ndi lathu."

"Mwana wobatizidwa ali ndi mwini wake, ndipo si inu, si ine."

"Mwini wakeyo ndiye anati mumumange?"

Ignasio anatsegula pakamwa, koma Magadalena anali ataika lichero pansi. Sankalowerera amuna akamayankhula, moti onse awiri anatembenuka.

"Achimwene, ndi inu atate ake a Falesi, ndiloleni ndikuonetseni kanthu. Lachisanu ndinaima kuseri kwa chisakasa, ndinasuzumira paudzu. Ndaganiza masiku awiri. Falesi!"

Mwana anabwera, poti linali Lamulungu anali womasuka. Mayi ake anagwada moyang'anana naye.

"Chita monga ndikuchitira ine."

Magadalena anagwira mphuno ndi dzanja lamanja. Falesi anagwira yake ndi lamanzere. Magadalena anagwira ndi lamanzere. Falesi anagwira ndi lamanja. Anasinthasintha kangapo, mwana osaphonya, nthawi zonse dzanja loyang'anana ndi la amake. Kenaka Magadalena anasuntha, nakhala pambali pa mwanayo, onse awiri kuyang'ana kumodzi. Anakweza dzanja lamanja pachipumi. Falesi anasuzumira chammbali, nakweza lamanja.

"M'dzina la Atate," anayamba mwanayo ndi kamawu kake, "ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera." Pachipumi, pachifuwa, phewa ili, phewa linalo. Sanalakwitse ngakhale pamodzi.

"Palibe akumuphunzitsa kunyoza," anatero Magadalena. "Sanafike podziwa kuti ili ndi lamanja, ili ndi lamanzere. Mukamuuza kuti chita monga ine, amatenga dzanja lomwe lamuyandikira. Atsikana tikamawaphunzitsa kuvina timaima nawo mzere umodzi, sitiwayang'ana kumaso."

Ignasio anayang'ana mwana wake, nayang'ana dzanja lake lomwe, akulitembenuza. Ankaoneka ngati munthu amene watsala pang'ono kuvomera. Ganizani akadapanda kuseka, mwina nkhaniyi ikadathera pamphasa pomwepo. Koma anaseka, mpaka kumenya pantchafu.

"Alamu, ndiye kuti m'sukulu yanu yonse, amene amakumverani ndi yekhayu! Ndiye mwasankha yemweyo kumumanga!"

Nkhope ya Ignasio inauma. Kulakwa akadakupirira, koma kusekedwa ndi munthu wa gule, pamaso pa mkazi wake, pankhani ya pepala lomwe iye yekha ankatha kuwerenga m'mudzi monsemo, kunamukanika kumeza.

"Pepala likuti mphunzitsi aime patsogolo pa ana. Silikuti akhale nawo pambali ngati akusenda nyemba. Bambo mfumu adzaima pomwe ndimaima ine, mwanayu adzakweza lamanzere mudzi wonse ukuona. Tsiku limenelo mudzamukhazika pamphasa panu?"

"Mutulutseni sukuluyo," anatero Magadalena. "Akule kaye. Chaka chamawa kapena chinacho adzadziwa yekha."

"Atsale asanu ndi anayi? Sukulu itsekedwe, anthu a kuno aziti Mulungu wa Ignasio wathawa?"

Ganizani anaimirira, nasasa fumbi kumbuyo. Kuseka kunali kutatha.

"Ndikamuonanso ali m'luzi, ndidzadula ndekha. Tikatero tidzakhala pansi, tikambe za ukwati wanu."

Mawu amenewa sanaletse kanthu, anangobisa. Lolemba m'mawa Ignasio anatuluka ndi mwana ali womasuka, amake n'kupuma. Atafika kuseri kwa chisakasa anatulutsa luzi lina, lopyapyala, limene ananyika m'chigoba cha dzungu. Anamanga mothina kuti dzanja lisagwedezeke n'pang'ono pomwe, nafunditsa kansalu pamwamba.

"Usaonetse munthu. Ngakhale atsibweni ako, ngakhale amako. Wamva?"

"Ndamva, atate."

Khasu lowerukira lisanalire anamasula, natikita pamkono, nabwerera naye kunyumba. Tsiku limenelo zinatheka.

Lachiwiri Magadalena analawirira kutsidya kumaliro pamodzi ndi amayi anzake. Ignasio anamanga monga dzulo, luzi likudontha madzi. Ali pakati powerengetsa timiyala, panafika munthu wa mudzi wina, thukuta lili kamukamu. Anati mayi ake okalamba akutsirizika ndipo akuitana mphunzitsi kuti awathire madzi asanapite. M'zaka ziwiri za ntchito yake, Ignasio anali asanaitanidwepo chotere. Anamenya khasu, nauza ana kuti azipita, natola buku lake n'kuthamanga pambuyo pa munthuyo. Za luzi sanakumbuke.

Nkhungu inachoka, dzuwa linatuluka, mwera unayamba kuomba. Aliyense amene anamangapo denga amadziwa chifukwa chomwe luzi amalinyika: likamauma limafupika, n'kugwira mtengo mwamphamvu. Ignasio anamangapo madenga ambiri.

Falesi anabwerera kunyumba, napeza kulibe munthu. Anakakhala kuseri kwa nkhokwe, kansalu atafunda bwinobwino. Mkazi wa Ganizani anadutsa masana ndi mtolo wa nkhuni, namufunsa ngati wadya. Mwanayo anangogwedeza mutu. Mayiyo anamusiyira mbatata yootcha napitirira.

Magadalena anafika dzuwa litapendeka. Anapeza mbatata ili pansi nyerere zikuidya, mwana atatsamira nsichi ya nkhokwe, milomo itatuwa, osalira. Atachotsa kansalu anakuwa. Dzanja linali litatupa ngati chule, lozizira, zikhadabo zitada. Luzi linali litamira m'thupi moti mpeni unalibe polowera. Analidula ndi mano.

"Bwanji sunalire? Bwanji sunathamangire kwa atsibweni ako?"

"Atate anati ndisaonetse munthu."

Ignasio anabwerako madzulo akuimba chamumtima. Gogo uja anamubatiza dzina loti Bernadetta, gogoyo n'kumwalira ali m'manja mwake, ndipo mphunzitsiyo ankapanga kale mawu okauza bambo mfumu. Anapeza anthu pakhomo pake. Mlamu wake anali atakhala pansi, mwana ali pamiyendo, akumuthowa dzanja ndi masamba ofunditsa m'phale. Falesi tsopano ankalira, kulira kosasa mawu. Palibe anamulonjera Ignasio, ndipo palibe anamusunthira kuti akhale.

"Alamu," anayamba, "ndinaitanidwa mwadzidzidzi. Munthu amatsirizika. Ndinati ndimasula ndikangoti..."

"Musavutike," anatero Ganizani osakweza mutu. "Lero sitikamba. Tidikire dzanjali litiuze."

Linawauza patapita sabata. Kutupa kunaphwa, chilonda cha pamkono chinayamba kuuma, koma zala zinapindikira m'kati, dzanja n'kugwa ngati tsamba lofota. Magadalena ankalitambasula m'mawa uliwonse ndi mafuta a nsatsi, akalisiya n'kubwerera. Anayesa kuika nyemba m'katimo kuti mwana afumbate, nyemba n'kugwa. Ignasio anachita manyazi ndi mantha, ndipo anapemphera kwambiri masiku amenewo. Kusukulu ankaphunzitsa ana asanu ndi anayi, mtanda akungoudumpha. Kunyumba ankadya yekha.

Tsiku loti bambo mfumu afika mawa lake, Ignasio anaima pakhomo la kukhitchini akukanda m'mutu.

"Amake Falesi. Za mawa."

"Nenani."

"Akapeza asanu ndi anayi..."

"Apita," anatero Magadalena, osamuyang'ana. "Ndimusambitsa ndekha. Mzunguyo aone khumi lanu lonse."

"Kukuzizira. Mumufunditse kansalu."

"Ndimufunditsa. Za kuzizira zokhazo ndikuvomera, osati zobisa."

Bambo mfumu anafika pabulu dzuwa litakwera pang'ono, mkanjo woyera utafiira kumusi ndi fumbi la njira, ndevu zikufika pachifuwa. Mudzi wonse unabwera kudzaona, opemphera ndi a gule omwe, poti bulu sankaoneka kawirikawiri. Amuna anakhala pansi pa msuku, Ganizani ali pakati pawo. Amayi anakhala mbali ina. Ana khumi anaima pamzere, Falesi kumapeto, mutu wake ukulekeza m'chiuno mwa mnzake woyandikana naye.

Wansembeyo ankayankhula Chichewa chodutsa m'mphuno, koma chomveka. Anayendera nkhope zonse, nasuzumira m'makutu, anthu n'kuseka. Anafunsa mayina. Anathira timiyala pansi, ana n'kuwerenga. Mnyamata wina wamtali anachoka pa zisanu kulumphira pa zisanu ndi zitatu, amake n'kubisa nkhope. Falesi anawerenga khumi osapuma, akusuntha timiyala ndi chala chamanja. Analemba a, e, i, o, u pamchenga, o wake wozungulira bwino kuposa wa aliyense.

"Kameneka n'ka yani?"

"Ndi wanga, bambo," anatero Ignasio.

"N'kakang'ono kwambiri. Kamsinkhu aka kayenera kumasewera ndi dothi kwa amake. Koma n'kanzeru. Tsopano mtanda."

Bambo mfumu anapita kutsogolo kwa mzere. Atafika pomwe mphunzitsi ankaima masiku onse, anatembenuka, nawafulatira anawo. Anakweza dzanja lamanja pamwamba kuti onse alione kuchokera kumbuyo, nayamba pang'onopang'ono. Manja khumi anakwera, onse amanja. La Falesi ndilo linayamba kufika pachipumi.

"Bambo," anatero Ignasio, "pepala likuti mphunzitsi aime patsogolo pa ana."

"Ee, patsogolo. Wotsogolera anthu panjira amayenda chafutambuyo? Tiana ukatiyang'ana kumaso timatenga dzanja loyang'anana ndi lako. Konsekonse n'chimodzimodzi, ngakhale kwathu. Kodi sindinakuuze?"

Sanamuuze. Mwina anaiwala, mwina ankayesa kuti n'zodziwikiratu. Pansi pa msuku palibe amene anaseka, ngakhale Ganizani.

Wansembeyo anatulutsa kabuku, nalembamo, nauza anthu kuti sukulu ipitirira, mphunzitsi wagwira ntchito yabwino. Kenaka anapisa m'thumba la mkanjo, natulutsa timamendulo tonyezimira, kalikonse pa ulusi wake, kuti apatse mwana aliyense. Ana anabwera mmodzimmodzi monga anaphunzitsidwira kwawo, kalekale sukulu isanabwere. Aliyense anagwada, naomba m'manja, natambasula manja onse awiri pamodzi, nalandira. Ngakhale mnyamata wolumpha miyala uja apa sanalakwitse.

Falesi anafika pomaliza. Anagwada. Anatulutsa dzanja limodzi m'kansalu, nalitambasula. Kumbali ya amayi kunamveka kung'ung'udza kwa alendo a mudzi wina amene sankadziwa kanthu, kudabwa kuti mwana wa mphunzitsi angalandire chinthu kwa wamkulu chotere. Ignasio anamva, ndipo pakamwa pake panayankhula mutu usanaganize.

"Manja awiri, Falesi."

Mwanayo anamvera. Anagwedeza phewa, kansalu n'kugwa. Anakweza mkono wamanzere, nauika pambali pa unzake. Anayang'anitsitsa zala zopindika zija, natulutsa lilime, nayesetsa ndi mphamvu zake zonse kuti zitambasuke. Bambo mfumu anali atasiya kale kamendulo. Kanagunda pamsana pa zalazo, n'kutsetsereka, n'kugwera m'fumbi.

Wansembeyo anawerama. Anaona mzere wa chilonda wozungulira mkono wonse. Anadzutsa mutu, nayang'ana mphunzitsi, nayang'ana anthu.

"Mwanayu chamuchitikira n'chiyani?"

Magadalena anangoyang'ana mwamuna wake, kudikira. Falesi anaona kuti anthu onse akhala chete chifukwa cha iye, ndipo anadziwa kuti walakwanso. Anatembenukira kwa atate ake, misozi ili lengelenge.

"Likukana, atate. Mulimangenso kuti limve."